Tahmina Si Mankhwala Anga

Mirpur, Dhaka
Lachisanu

Wokondedwa mlongo wanga Morjina Apu,

Salamu aleikum. Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Dulabhai ndi ana. Kodi bondo la mayi athu, Amma, likuwalola kugwada popemphera, kapena abwereranso pa mpando? Nanga chifuwa cha Rumki chinatha? Ine ndilipo. Sindinena kuti ndili bwino, chifukwa mawu amenewo ndakunamizani nawo zaka zisanu ndi chimodzi ndipo anasukuluka.

Ndalemba pa pepala chifukwa foni ya kwathu ilibe chitseko. Amma akangoyankha amaikweza mawu, ndipo a Chacha Motaleb, mng'ono wa malemu bambo athu Abba, amakhala atamva kale kutsidya kwa dziwe ndisanamalize moni. Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya kwathu ku Gaibandha kuti akaisiye ku shopu ya Dulabhai. Muiwerenge muli nokha.

Ndiyambe ndi zimene zikukambidwa kumeneko. Sindigwira ntchito pa chipatala. Si ine wofufuza, si ine wothandizira madokotala, ndipo palibe chitseko chili ndi dzina langa. Ndine wodwala. Lolemba lililonse ndimakakhala pa mpando wapulasitiki ndi anzanga asanu ndi mmodzi osuta timapiritsi tosokoneza bongo totchedwa yaba, ndipo Lachinayi lililonse ndimakodza m'kabotolo mlonda akundiyang'ana. Ntchito yanga ndi yomwe ija ya ku Nilkhet, yotayipa ndi kusindikiza mabuku omalizira maphunziro a ana a eni ake. Ndimawongola ziganizo za anyamata amene sakanandiposa m'kalasi ngakhale nditawodzera, iwo n'kupita kukavala mkanjo wakuda. Ine ndinasiyira chaka chachitatu. A Chacha akudziwa bwino zimenezi, poti ndi iwo anabwera kudzatenga bokosi langa ku hositelo.

Mbali ina ya mlanduwu ndi yanga. A chipatala anatipatsa timakhadi tovala m'khosi tolembedwa kuti Mlangizi, n'cholinga choti alonda a pageti asamatibweze. Ine ndinajambula kanga n'kutumizira Amma. Ndinkafuna kuti kamodzi kokha aone nkhope yanga pa chinthu chosachititsa manyazi. Sindinaganize kuti chithunzicho chiyenda mpaka kukafika pa khonde la aphunzitsi Gofur, chitatsagana ndi bokosi la maswiti.

Tsopano ndamva kuti Amma ndi a Chacha anapita kukaona mwana wa aphunzitsiwo, Tahmina. Akuti anamuyendetsa pabwalo, anamumasulitsa tsitsi kuti aone kutalika kwake, anamuveka mphete, ndipo tsiku laikidwa: Lachisanu lachiwiri ikapita Idi ya Kurubani. Dzana a Chacha ananditumizira mawu oti ndisindikize pa makhadi oitanira anthu, mazana atatu, poti ndimakhalira pa makina. Kumapeto kwa dzina langa aikako zilembo zitatu za digiri imene ndilibe.

Nzeru yake ndikuidziwa, ndinakula ndikuimva. Mnyamata akasokonekera, mpezereni mkazi, akhazikika. Ndiwo mankhwala achinayi amene banja lathu landipezera. Oyamba anali madzi opemphereredwa, amene ndinamwa mabotolo asanu ndi awiri. Achiwiri anali chithumwa cha pamkono. Achitatu anali miyezi inayi m'nyumba ija yotsekera anthu, kumene anandimeta mpala, kundimenya ndi paipi kumapazi, n'kundibweza nditanenepa. Amma anapha mbuzi. Patatha masiku khumi ndi limodzi ndinali nditayambiranso. Pa zonsezi palibe anandifunsa kalikonse. Tsopano mankhwala achinayiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ndikumva kuti ankafuna kukaphunzira unamwino.

Ndiloleni ndikuuzeni zimene timachita Lolemba, mwina mumvetsa chifukwa chake ndikulemba.

Osuta heroini ali ndi mankhwala awo amene amamwa m'mawa uliwonse. Ife a yaba tilibe. Ndiye pali dokotala wina, mayi wa imvi zochepa dzina lake Sabiha, amene gulu lake likuyesa mapiritsi ena kuti aone ngati angathandize. Asanayambe anati afunse kaye odwala eni ake. Kunena zoona ine ndinapitira tiyi ndi tisamusa tija ta singara. Ndinkaganiza kuti akutifunsa kuti akalembe mu lipoti kuti anatifunsa.

Tsiku loyamba, mnyamata wina wa tayi, wothandizira a dokotalawo, anatiwerengera mmene adzadziwire kuti mankhwala agwira. Anati munthu wachira ngati mkodzo wake uli woyera masabata khumi ndi awiri osadukiza. Akaphonya kamodzi, walephera.

M'gulu lathu muli bambo wina dzina lake Delwar, woyendetsa basi ya ku Chattogram, wa mano ochepa ndi nthabwala zambiri. Anaimika dzanja ngati mwana wa sukulu n'kunena kuti iye ankasuta timapiritsi tisanu ndi titatu pa tsiku, ndipo tsopano amasuta tiwiri pa sabata. Anafunsa kuti amulemba mbali iti. Wa tayi uja anati mbali ya olephera.

"Ndiye ine ndi uja amasuta khumi tsiku lililonse tili kalasi imodzi?" anatero Delwar. "Bwana, mukanandiuza kale sindikanavutika."

Onse anaseka kupatula ine. Lilime langa mukulidziwa. Ndinamuuza wa tayiyo kuti ngakhale wogulitsa mpunga pamsika wa kwathu, amene sanaonepo khomo la sukulu, ali ndi miyala yoyezera yoposa iwiri. Ndinamufunsa ngati kumene anaphunzira kuwerenga ankadumpha kuchoka pa ziro n'kufika pa zana. Anachita manyazi mpaka makutu. Kuyambira tsiku limenelo Delwar amanditchula kuti Purofesa, ndipo ndasiya kumuletsa.

A dokotala Sabiha sanakwiye. Anavula magalasi, anatembenuza pepala lawo chadodolido, n'kutifunsa kuti ifeyo tingati tachira titaona chiyani.

Apu, tinadabwa. Anthu asanu ndi awiri amene tamvapo ulaliki wa aliyense, kuyambira apolisi mpaka ometa tsitsi, tinali tisanafunsidwepo funso lotere. Kenako mmodzi, wosita malaya ku fakitale ya zovala, anati iye akufuna kuti akasiya kusuta asamagone masiku atatu ngati mtembo, chifukwa ndi tulo timeneto timamuchotsetsa ntchito, ndipo akachotsedwa amayambiranso. Wina anati akufuna kumvanso kukoma kwa nsomba, poti mpunga ndi pepala kwa iye n'chimodzimodzi. Delwar anati akufuna injini ya basi isiye kutchula dzina lake. Tinaseka, koma tonse tinkadziwa kuti si nthabwala.

Ine, wa pakamwa ponseponse, yankho langa linachedwa. Ndinabwera nalo sabata yotsatira.

Mukukumbuka tsiku limene tinaika Abba. Anthu akubwera kudzapepesa, bwalo litadzaza, ine ndinali m'chipinda chawo ndikumasula wailesi yawo. Kachitsulo ndi kachitsulo, ndikuyala pa mkeka wawo wopemphererapo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Wailesiyo inalibe vuto lililonse. Manja anga ankangofuna chochita. A Chacha anauza anthu kuti chisoni chandisokoneza mutu. Inu nokha munakhala pakhomo ndi mbale ya mpunga mukundiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti mwadziwa. Sindinalire tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sindinalire. Si kulimba mtima. Timapiritsi timeneti timayamba ndi kukupatsa mphamvu yowerengera mayeso, kenako timatenga tulo, njala, ndipo pamapeto timatenga misozi.

Ndiye ndinauza a dokotala kuti ine ndikufuna mankhwala amene angandikhazike pansi ola limodzi manja ali phee, ndi kundibwezera maliro a bambo anga. Wa tayi uja anafunsa, mwaulemu ndithu, kuti zimenezo angaziyeze bwanji. Ndinamuuza kuti iye ndi amene anamaliza digiri.

Ndisawanamizire, anasintha pepala lawo. Tsopano amawerenga masiku amene munthu wakhala osasuta, maola amene wagona, ndi ngati adakali pa ntchito. Anasinthanso nthawi yobwera, titawauza kuti munthu wopempha chilolezo kawiri pa sabata nthawi ya teni koloko m'mawa sakhalitsa pa ntchito iliyonse mu Dhaka muno. Mwezi watha anayamba kupereka mapiritsiwo, ndipo ndinalembetsa. Ena a ife tikumwa enieni, ena tikumwa ufa wachabe, ndipo palibe akudziwa ake ndi ati. Ndisanameze ngakhale limodzi anandiwerengera masamba anayi mokweza: kuti mwina sagwira, kuti mwina ndidzamva chizungulire, kuti ndikhoza kusiya tsiku lililonse popanda wondifunsa chifukwa. Anandifunsa katatu ngati ndamvetsa, ndipo pamenepo m'pamene ndinasaina.

Ndi Delwar amene ananena kuti afunsenso a kunyumba, chifukwa wosuta amanama ngakhale kwa iye mwini. Ndiye Lolemba lapitali tinauzidwa kubwera ndi wachibale. Ine ndinapita ndekha. Delwar anabwera ndi mkazi wake, Parul.

Ndi mayi wamng'ono thupi, mwina wa msinkhu wanu. Anakhala kumapeto atakokera nsalu kumaso, tiyi wake n'kuzizira osamukhudza. Achibale ena analankhula zimene achibale amalankhula. A dokotala atamufunsa iye, Delwar anayamba kumuyankhira, koma a dokotala anamuuza kuti lero basi akuyendetsa ndi wina.

Parul analankhula motsitsa, osayang'ana aliyense. Anati anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Makolo ake anauzidwa kuti mnyamata ndi wa ntchito yabwino ndipo saphonya mapemphero. Tsiku lachitatu, akuyala pabedi, anapeza timapepala tonyezimira ta m'paketi ya ndudu, tambirimbiri, tonse topserera pakati, tosutira yaba. Atakafunsa apongozi ake aakazi, anamuyankha kuti ndi chifukwa chake anamubweretsa. Mwamuna akasowa masiku atatu, apongozi ankati mkazi sadziwa kugwira mwamuna. Akabwera n'kuswa mbale chifukwa akuganiza kuti wina wabisala pa denga, apongozi ankati mkazi wamuputa. Atabereka mwana woyamba anati tsopano akhazikika. Atabereka wachiwiri ananenanso chimodzimodzi. Zaka zisanu ndi zinayi.

Kenako anakweza maso n'kuyang'ana a dokotala.

"Madamu, bambo a Mitu, mwamuna wangayu, anabwera ndi masamba anu anayi kunyumba, mwana wa a neba anandiwerengera. Munalemba kuti mankhwala anu akakanika mudzavomera kuti akanika, n'kuyesa ena. Ine ndinakanika chaka choyamba. Palibe anandichotsa, ndipo palibe anandiwerengera tsamba ngakhale limodzi."

A dokotala anamufunsa kuti iyeyo angati mwamuna wake wachira ataona chiyani. Anati tsiku limene adzasiye kubisa mpeni wodulira nsomba m'thumba la mpunga.

Wa tayi uja analemba zimenezo. Ndinamuona akulemba, ndipo ulendo uno ndinalibe chomunyoza nacho.

Titatuluka, Parul anatsogola kukadikira basi. Ine ndi Delwar tinaima pa kashopu ka tiyi pageti. Ndinkayembekeza nthabwala, kapena mkwiyo. Anangoviika bisiketi mu tiyi mpaka inagwera momwemo.

"Purofesa," anatero, "sananame ngakhale liwu limodzi. Wachita kundichotserako. Unaona dzanja lake lamanzere?"

Ndinali nditaliona. Zala ziwiri sizipindika.

Delwar si munthu woipa, Apu. Ndi zimenezo zimene zikundisowetsa mtendere. Amagulira ana ake malalanje ulendo uliwonse. Amamukonda Parul. Akanakhala chilombo ndikanati ine ndine wosiyana naye.

Madzulo a tsiku lomwelo, ndili m'basi kubwerera ku Mirpur, Amma anaimba. Mawu awo anali ngati a mtsikana. Anati masiku ano ndikumveka bwino, anati anawerengera kuti ndafika masiku makumi awiri ndi asanu osakhudza zinthu zija, poti ndinkawauza ndekha Lachisanu lililonse chifukwa cha kunyada kwanga komweku. Anati Mulungu wamva, ndipo chatsala n'chimodzi chokha choti ndisabwererenso m'mbuyo. Kenako anandiuza za mphete. Ndinamva a Chacha kumbuyo akukuwa kuti Amma andiuze kuti mtsikanayo ndi wofatsa, sadzandivuta. Ndinayang'ana pawindo n'kunena kuti foni ikuduladula.

Tahmina ndimamukumbuka ali kamwana konyamula ambulera ya bambo ake popita kusukulu, ambulera yotalika kuposa iye. Ndilibe naye chifukwa. N'chifukwa chake ndikupempha chinthu chimodzi ichi, ndipo ndikupempha inu chifukwa m'banja lathu lonse ndinu nokha amene munaonapo chinthu n'kusachitchula dzina lina.

Lachisanu likubwerali, amuna akapita ku mzikiti, pitani kwa aphunzitsi Gofur. Musadzere kwa bambo ake, chifukwa iwo ndi a Chacha adzakhala pansi n'kugwirizana kuti mnyamata aliyense ali ndi kanthawi kake. Mukamupeze Tahmina ndi mayi ake kukhitchini. Mukamuwerengere kalatayi yonse, osadumpha za wailesi, osadumpha za zala. Mukamuuze kuti mwana wa malemu Hashem Ali amasuta yaba, alibe digiri, ndipo mankhwala amene akumwa mwina ndi ufa. Ngati ali ndi mafunso mumupatse nambala yanga, ndidzayankha lililonse. Ine anandiwerengera masamba anayi chifukwa cha piritsi loti ndikhoza kulavula. Iye akuyenera kuwerengeredwa awa. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangokana ndekha. Ndinakana kale kawiri chaka chatha, mukudziwa. A Chacha anati wodwala sasankha mankhwala, Amma analira, nkhani n'kupitirira ngati sindinalankhule. Mawu anga kumeneko sagula ngakhale mchere. Ndipo musaganize kuti ndingangosowa pa tsikulo. Mukudziwa zimene mudzi wathu umachita ndi mtsikana amene anamupaka kale chikasu cha ukwati mkwati n'kusabwera. Adzati ali ndi tsoka, adzati mnyamata anamva kanthu za iye, ndipo palibe banja lidzabweretsenso maswiti pakhonde limenelo. Nkhaniyi iyenera kutha tsopano, makhadi asanatuluke, ndipo manyazi ake agwere pa dzina langa, mokweza, kuti pasakhale wokayika kuti wolakwa ndani. Dzina langa linazolowera.

Ndikudziwa mtengo wake kwa inu. Amma sadzakulankhulani kwa kanthawi. A Chacha adzati mwavula banja pagulu, ngati kuti linali litavala kanthu. Apongozi anu adzamva, ndipo adzakukumbutsani pa ukwati uliwonse kuti mlongo wanu ndi wotani. Ndikadakhala ndi njira ina sindikanakusenzetsani. Ndakusenzetsani zambiri kale popanda kupempha. Ulendo uno ndikupempha.

Mwina tsiku lina ndidzakhala munthu woti mkazi angamuyang'ane, atadziwa zonse, n'kunena yekha kuti inde. Sindikulonjeza. A dokotala Sabiha salonjeza kanthu, ndipo ndi munthu woyamba amene ndamukhulupirira pa nkhaniyi. Lolemba ndipitanso. Delwar wati abwera, ngati Parul sanapite kwa mchimwene wake ndi ana. Akuti kuyambira tsiku lija Parul sakulankhula kwambiri, koma wayamba kumuyang'ana m'maso, ndipo Delwar sakudziwa ngati zimenezo n'zabwino kapena ayi.

Makhadi sindinasindikize. Mawu ake ali mu kompyuta ya kuntchito, ndipo ndinafufutako zilembo zitatu zija kuti ndione mmene dzina langa likuonekera lili lokha. Ndi lalifupi.

Mukawagwire mapazi Amma powapatsa ulemu m'malo mwanga, ndipo muwakumbutse kuti mafuta a bondo aja ndi opaka kawiri pa tsiku, osati akakumbukira. Moni kwa a Dulabhai, amene ndikudziwa kuti adzafuna kudziwa za m'kalatayi, muwauze mukabwerako. Mumpsompsone Rumki, ndipo muuzeni Tuhin kuti buku la masamu ndinalonjeza lija ndalipeza. Moni kwa a Chachi, akazi a Chacha, amene sanandilakwirepo. A Chacha muwapatse moni ngati mukuona kuti watsalako. Mukadutsa pa manda a Abba muimepo pang'ono chifukwa cha ine.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Jubayer

Kapepala kamene ndapinda m'katimu ndi ka ku chipatala, ka zotsatira za mkodzo wa dzulo. Mukamuonetsenso Tahmina. Ndinafika masiku makumi awiri ndi asanu. Lachiwiri ndinasuta timapiritsi tiwiri.